Dothi la ku Ndake

Nyamvuu, pa nyanja ya Kabola Basa
8 Okutobala 2025

Okondedwa Amama,

Muli bwanji ku Ndake? Mwendo uja unaleka kutupa? Kuno ine ndi apongozi anu a Domingos tili bwino, kungoti kwatentha ngako, malata a denga akuotcha dzanja. Kalatayi ndapatsila a Doris, aja amagula kapenta kuno n'kukagulitsa pa msika wa Nyimba. Za foni musavutike nazo. Netiweki kuno imapezeka pamwamba pa phili limodzi, ndipo phililo lili ndi eni ake, anyani.

Amama, khalani pansi. Zija munkandiyang'anila m'chiuno chaka chatha zachitika, ndaima. Anamwino a ku Zumbo akuti ndidzachila kumapeto kwa Januwale. A Domingos kungomva, anayamba kundilanda ndowa iliyonse m'manja ngati ndine dzila.

Mumauza anthu kuti mwana wanu amagona m'bwato ngati ng'ona. Si bwato losema ayi. Ndi boti lachitsulo loyandama pa migolo iwili ikuluikulu, lotalika ngati khonde la tchalitchi chathu. Kutsogolo kuli ukonde ndi nyali zokopela kapenta, kumbuyo kuli kanyumba kathu ka bango, mphasa ndi mbaula. Kumtunda sikukhalika, kuli miyala ndi njovu, choncho mabanja ambili timakhala pamadzi pompa. Masiku a mdima boti lililonse limapita kwake kukapha. Mwezi ukakhwima kapenta salabada za nyali, ndiye tonse timabwelela pa gombe la Nyamvuu kudzapuma, kuchapa ndi kujedana.

Lomba ndili ndi pempho laling'ono. Boti lililonse kuno lili ndi ndowa ya dothi la kwawo kwa mkazi. Amabzalamo tsabola, anyezi, ena mpaka phesi limodzi la chimanga longosangalatsa maso. Lathu lokha ndilo lilibe. Mundikumbileko dothi la kuseli kwa nyumba, paja pa msuku, lodzaza ndowa imodzi. A Doris avomela kunyamula.

Ndine wanu,
Tamara

Ndake, Nyimba
23 Okutobala 2025

Tamara mwana wanga,

Kalata yako ndailandila. Mwendo uli bwino, moti nditawelenga za mimba ndinauvinitsa pakhomo mpaka nkhuku zinathawa. Mulungu ndi wamkulu. Kuno tikusosa m'minda, mvula sinaonetse nkhope.

Chimwemwe changa sichinafike madzulo. Ukudziwa kuti pakamwa pa Doris palibe chitseko. Ndinangomufunsa kuti kodi tsabola wa pamadzi amakana dothi la ku Mozambiki komweko? Iye kuseka. Akuti, "Amai Mumba, simudziwa? M'ndowazo ndimo akwililamo michombo ya ana obadwila pa boti. Tsabola ni wongophimbila chabe."

Ndiye iwe Tamara, unaona ngati ndinabadwa mailo? Ukufuna ndikutumizile dothi ndi manja angawa kuti usabwele kudzachilila kuno? Mimba yoyamba mwana amachilila kwa amake, sizinayambe ndi ine. Kiliniki ili pafupi, njinga zilipo, ine ndilipo. Mchombo wako uli pansi pa msuku umenewo, wanga uli pomwepo, wa ambuye ako, amama anga, uli pomwepo. Wa mdzukulu wanga ukakhale m'ndowa ngati kapenta?

Zamadzi usandiuze. Atate ako a Abraham anatengedwa ndi mtsinje wa Nyimba madzi ake ofika m'chiuno chabe, akuchokela kokagulitsa thonje. Kuyambila tsiku limenelo ine ngakhale pa mlatho ndimatsinzina. Iwe ukugona pamwamba pa madzi opanda pansi, uli ndi munthu m'mimba, n'kumandilembela za anyani. Sindikuona tulo, mwana wanga. Ndikatseka maso ndimangoona madzi.

Ndakutumizila nshawa, mtedza wa m'munda mwathu, komanso chitenje chatsopano ndi ufa wa mapila wa phala. Dothi silikuyenda. Wolifuna abwele pomwe lili. Khisimasi ikupeze kuno, ndipo uwauze apongozi anga kuti mau amenewa ndi anga.

Amako,
Agness Mumba

Nyamvuu
7 Novembala 2025

Amama,

Moni wa kuno. Nshawa zafika, zikomo, koma kalata yanu yandiliza. Ndani anakuuzani kuti sindibwela? A Doris sananame za michombo, koma ine maganizo amenewo ndinalibe. Ndidzachilila m'manja mwanu. Dothi ndikulifunila Khisimasi, ndipo lekani ndikufotokozeleni, mwina mundimvetsa.

Kuno Khisimasi sitidya pa 25 ngati kwanuko. Chaka chino tsiku limenelo lagwela mumdima, nthawi imene kapenta amadzaza ukonde, ndipo boti lililonse lidzakhala kwalokha pakati pa nyanja. Timadikila mwezi ukhwime, tonse tisonkhane. Ulendo uno ndi pa 3 Januwale.

Mukanaona, Amama! Maboti onse amawamangilila limodzi ndi zingwe, mbali ndi mbali, kuchokela pa thanthwe la m'kati mwa gombe mpaka kukamwa kwake. Munthu umayenda kuchoka boti ili kupita lina ngati ukudutsa m'makonde a anzako. Nyali zophela nsomba amazikulunga zitenje zamitundumitundu. Mabatile a mainjini onse amawatengela pa boti lapakati kuti chilimba chilile masiku atatu. Mpunga timaphika mumgolo wodula pakati, mbuzi imabwela pa bwato itamangidwa miyendo ikulila njila yonse. Amwenye a ku Tete, Atonga, Ansenga, Achikunda, tonse mbale imodzi. Ndati Amwenye koma alipo m'modzi chabe, amakonza mainjini, ndipo pa nyimbo za Khisimasi ndiye amakuwa kuposa tonse.

Tisanadye, mkazi aliyense amanyamula ndowa yake n'kutchula kwawo, ndipo tonse timapemphelela mvula ya kumeneko. Chaka chatha ine ndinaima manja lende. Amai Lucia, mzamba wathu, mayi wamkulu wa ku Tete amene ndowa yake ndiyo yakale kuposa zonse, anandifunsa pamaso pa anthu kuti, "Mwanawe, unagwa kumwamba?" Anthu anaseka, ine ndinakalila kuseli kwa ukonde. Dothi la kwa mwamuna salilola, akuti mwana ndi wa kuchikazi, monga kwathu komwe.

Ndiponso kamangidwe ka maboti kamatsata ndowa. Okhala ndi ndowa zakale amakhala m'kati, kothawila mphepo. Wopanda dothi ndi mlendo, amamangilila kumapeto kwenikweni, kukamwa kwa gombe, kumene mphepo imayambila kumenya. Chaka chatha tinagona kumeneko tikugubuduzika ngati maungu m'ngolo.

Chaka chino andisankha kukhala Maliya m'sewelo la kubadwa kwa Yesu, akuti ine sindifunika pilo. Ndiloleni ndidye Khisimasi imeneyi ngati munthu wokhala ndi kwawo. Ikangotha, a Domingos andipelekeza mpaka ku Feira, doko la pamalile, pa 6 Januwale ndidzatsika basi pa Nyimba. Nthawi idzakhala ikalipo yambili.

Dothi chabe, Amama. Silidzachepa m'munda mwanu.

Tamara

Ndake
25 Novembala 2025

Tamara,

Tili bwino. Mvula yagwa, chimanga tabzala, thonje tiyamba mawa.

Khisimasi yotsata mwezi ndaimvela kwa iwe. Kodi Yesu anabadwa kawili, kamodzi kumtunda kamodzi pamadzi? Ndinapita ku Petauke kukawauza amalume ako a Josphat kuti akulembele mau olimba. Iwo kungoseka, ati mwana wa ng'ona sakulila dziwe limodzi. Ndinawayankha kuti ine sindinabale ng'ona.

Ukuti nthawi idzakhala ikalipo. Mwana woyamba sawelenga kalendala ya anamwino. Iwe wemwe unabwela masabata atatu nthawi isanakwane, ndili kumunda, khasu lili m'manja. Mwezi ukhwima kumayambililo kwa Disembala, apongozi anga adzakhala akupuma, bwanji osabwela pamenepo? Maliya asankhe wina, mapilo sanathe m'dziko.

Mau ako ndi okoma, koma ndikukudziwa. Ndowa ikangofika, udzati msewu waipa, udzati miyendo yatupa, udzati amai Lucia alipo. Amai Lucia amenewo ndi amako? Dothi sinditumiza. Ngati akuika kumapeto, khala kumapeto komweko. Mphepo ikuombeko pang'ono, mwina ukumbukila njila ya kwanu.

Amako

Nyamvuu
6 Disembala 2025

Amama,

Ndamva. Sindidzapemphanso.

Tili bwino. Miyendo yatupadi pang'ono, amai Lucia akuti ndichepetse mchele. Mwana akumenya kwambili, makamaka injini ikalila. Disembala uno sindibwela, ndinalonjeza anzanga ndipo nyimbo taphunzila kale. Tsiku ndi lomwe lija, pa 6 Januwale, basi ya masana.

Dzulo amai Lucia anafuna kundigawila dothi la m'ndowa mwawo kuti boti lathu lilowe m'kati. Ndinakana. Ndikanyamula dothi la ku Tete n'kutchula Ndake, ndinamiza ndani? Tikhala kumapeto, monga mwanenela.

Mudye bwino Khisimasi yanu.

Tamara

Ndake
25 Disembala 2025

Tamara mwana wanga,

Kalatayi ilibe woinyamula. Doris ananyamuka kale, akuti akadikila ku Feira mpaka maboti atsike ndi kapenta wa chaka chatsopano. Ndikulemba chabe chifukwa mtima ukukana kukhala pansi.

Lelo kutchalitchi kunadzaza, ana anachita sewelo. Maliya wake anali Christabel, mdzukulu wa a Sakala, pilo wake anagwa pakati pa njila ya ku Betelehemu, anthu kuseka mpaka misozi. Ine ndinaseka nawo, kenaka ndinapezeka ndikulila zenizeni, amai a chigwilizano kumandifunsa ngati ndadwala. Ndapha nkhuku ija ndinkakusungila, ndaphika mpunga, koma zakhala m'mbale mpaka nyelele zandithandiza.

Kalata yako yomaliza inali yaifupi ngati ya kuboma. Ukandikwiyila umatelo, atate ako enieni.

Masana kunachita mdima kumwela, mphepo inazula denga la khola la mbuzi. Ndinaima pakhomo n'kumaganiza kuti ngati ikuchita chonchi pamtunda, pamene mitengo ikuitchinga, nanga pamadzi? Ndinatenga khasu n'kupita pa msuku. Kenaka ndinati ngakhale ndikumbe, apeleka ndani? Ndinalibweza khasulo.

Bwela chabe pa 6. Ndidzakhala pa siteshoni kuyambila m'mawa. Zokangana tidzamalizila kuno, uli pa mphasa yanga.

Amako

Ndake
7 Januwale 2026

Achimwene a Josphat,

Ndikhulupilila muli bwino ndi alamu ku Petauke. Ine sindili bwino. Ndapatsila kondakitala kalatayi chifukwa foni ya aneba ili ndi makutu a mudzi wonse, ndipo nkhaniyi sindifuna iyambe kulilidwa isanadziwike.

Mailo ndinakhala pa siteshoni ya Nyimba kuyambila m'mawa. Basi iliyonse yochokela ku Feira ndinaisuzumila mpaka makondakitala anayamba kunditcha apolisi. Tamara sanatsike. Dzuwa litapendeka anatsika Doris, wopanda thumba ngakhale limodzi la kapenta. Atandiona anafuna kubisala kuseli kwa basi. Doris kubisala, achimwene, munthu amene amayamba kulankhula asanatsike!

Ndinamugwila chitenje. Akuti ku Feira sikunafike boti lililonse la ku Nyamvuu. Kunangofika munthu wa bwato amene anati pa tsiku la Khisimasi yawo kunagwa namondwe masana, chingwe chinaduka, boti limodzi linatengedwa ndi mphepo, ndipo pamene iye ankachoka linali lisanapezeke. Ndinafunsa kuti la yani. Akuti munthuyo sanadziwe dzina, anangoti lija la kumapeto.

Achimwene, ine ndikulidziwa boti la kumapeto. Ndinaliika kumeneko ndine. Mwana anandipempha dothi lodzaza ndowa, dothi limene nkhuku zimapalasa tsiku ndi tsiku osandipempha, ine ndinamuyankha kuti mphepo imuombe. Ndinalemba ndi dzanja langa. Mulungu amamva zonse, koma bwanji anasankha kumva zimenezo?

Doris wabwelela m'mawa uno kuti akafufuze. Ndinafuna kupita naye, miyendo inakana. Chimanga chamela udzu, sindikutha kugwila khasu. Ndiuzeni chochita, inu ndinu mwini mbumba.

Mlongo wanu,
Agness

Petauke
9 Januwale 2026

Agness mlongo wanga,

Ndalandila. Alamu ako akupemphela, ine ndayenda. Ndafunsa madalaivala a malole a nsomba, onse amva za namondwe koma palibe amene wamva za malilo. Gwila mau amenewo. Uthenga wa imfa suchedwa panjila, umafika ngakhale kumene basi sifika.

Usayale mphasa za malilo, usauze a mpingo. Ndiponso leka kudziweluza, mphepo ya pa nyanja siwelenga makalata ako. Unalakwa kumana mwana dothi, zimenezo ndinakuuza ndi kuseka, iwe sunamve. Koma kulakwa ndi kupha ndi zinthu ziwili.

Ndikutumizila mnyamata wanga Kelly adzakupalilile chimanga. Ine ndikukakutengela chiphaso chodutsila malile. Uthenga ukabwela, woipa kapena wabwino, udzafunika kuwoloka. Yamba kuiuza miyendo yakoyo.

Josphat

Nyamvuu
11 Januwale 2026

Kwa apongozi anga olemekezeka, Amai Mumba,

Ndagwada pansi polemba kalatayi. Ndikudziwa kuti mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso, koma Tamara sangathe kukhala tsonga nthawi yaitali, ndipo a Doris akuti mukapanda kuona pepala simudzawakhulupilila. Ndiyambe ndi chachikulu. Tamara ali moyo. Wachila. Mwana ndi wamkazi, nayenso ali moyo.

Zinayenda motele. Pa tsiku la chikondwelelo sewelo linayenda bwino, Tamara anaimba mpaka amai ena analila. Pa nthawi yonyamula ndowa iye anachoka mwakachetechete, kudutsa maboti onse kubwelela ku lathu kumapeto. Ine ndinaganiza kuti ndi manyazi a chaka chatha, ndinamusiya. Ndinali pa boti lapakati ndikugawa nyama. Amai Lucia okha ndiwo anaona mmene anagwilila msana podumpha chingwe. Anatula ndowa yawo pansi, pemphelo lili pakati, n'kumutsatila.

Mphepo inabwela anthu atangoyamba kudya. Sindinaonepo yotelo. Mbale zinauluka, mvula inatseka maso. Maboti a m'kati anangogundana, koma lathu linalandila mafunde onse, ndipo chingwe chinaduka. Ndinaliona likupita. Injini sikanalila, batile lake linali pa chilimba pamodzi ndi ena onse. Ndinafuna kudziponya m'madzi, amuna anayi anandikhalila pamsana.

Amai, chiyambile Khisimasi ya pa Nyamvuu zingwe sizinamasulidwepo masiku atatu asanakwane. Tsiku limenelo palibe anafunsa mnzake. Aliyense anazula batile lake, anamasula, mpunga unatsala m'migolo. Maboti onse anatuluka mvula ikugwa. Tinafuna tsiku limenelo, osapeza. Tinafuna lotsatila, osapeza. Tsiku lachitatu masana m'modzi anaona utsi m'bango, kutsidya, kutali ndi kumene tinkafunila. Amai Lucia anali akuthyola zipupa za kanyumba kathu n'kumaziotcha pa mbaula kuti tione. Titayandikila tinamva kamwana kakulila. Anabadwa tsiku la namondwe lomwelo, boti likuzungulila, amai Lucia atamumangilila Tamara ku mzati ndi chitenje chija munatumiza kuti asagubuduzike.

Tinapita nawo ku Zumbo. Anamwino akuti Tamara anataya magazi ambili ndipo mwana ndi wochepa thupi, asayende ulendo wa basi mpaka mwezi utatha. Tabwelela pa gombe. Maboti ena apita kukapha, koma tsiku lililonse limodzi limatsala pambali pathu mosinthana, ndipo amai ake amatiphikila.

Mchombo wa mwana unagwa mailo. Amai atatu abwela ndi ndowa zawo kuti tikwilile mwawo. Tamara wakana onse. Waukulunga m'kansalu, wamangilila pa chitenje chake, akuti udikila. Sananene kuti ukudikila chiyani, ndipo wandiletsa kukupemphani kanthu. Choncho sindikupempha. Ndangonena zimene zilipo. Dzina la mwana nalonso likudikila inu.

Ndine mkamwini wanu,
Domingos

Nyamvuu, pa nyanja
22 Januwale 2026

Achimwene a Josphat,

Onani pamwamba pa kalatayi pomwe ndalembela, muwauzenso alamu aone. Zilembo zikapindika musadabwe, tebulo la kuno silikhazikika.

Kalata ya apongozi itafika ndinaiwelenga kamodzi, kachiwili ndinawelengela pa msuku khasu lili m'manja. Ndinadzaza ndowa yanga ija yatsopano yotungila madzi. Pa basi kondakitala anafuna kuiika pamwamba pamodzi ndi matumba, ndinamuuza kuti akweze amake pamwambapo. Inakhala pa miyendo panga mpaka ku Feira. Pamalile wapolisi anavundukula, anayang'ana dothi, anayang'ana ine, n'kufunsa ngati muli golide. Ndinati muli woposa golide, koma kwa inu ndi dothi chabe. Anandisiya.

Za boti lochokela ku Feira ndisanene zambili. Ndinatsinzina kuyambila pokwela. Ndinasanza kawili, Doris akundigwila mutu uku akufotokozela anthu onse mbili yanga. Ndinaitana a Abraham, ndinaitana Yesu, ndinaitana ngakhale inu. Koma ndowa sindinaitule.

Titafika, ndinamva Doris akuti, "Tsegulani maso, amai, mwafika." Ndinaona kanyumba kopanda zipupa mbali ziwili, ndi mwana wanga atakhala pa mphasa, woonda, maso okha. Ndinali nditakonza mau ambili panjila, ena opepesa, ena okalipa. Onse anathawa. Iye anayang'ana ndowa, osati ine. Kenaka anati, "Amama, mwadzaza kwambili, a Doris akanathyoka msana." Tinaseka, kuseka kwake kosanduka kulila, mpaka mwana anadzuka n'kutithandiza.

Amai Lucia ndawaona. Ndinkaganiza kuti ndi chimayi choopsa cholanda ana a eni, koma ndi kamunthu kochepa, kopanda mano akutsogolo, manja ake ali ndi zipsela za moto wa bango lija. Ndinawagwadila. Iwo anati, "Imilila, mnzanga, boti silifuna maondo. Dothi wabwela nalo?" Mau awo ndi omwewo, salonjela.

M'mawa mwake anaitana amai a maboti amene anali pafupi, anabwela asanu ndi ndowa zawo ngakhale si Khisimasi. Tamara anamasula kansalu kaja. Ndinakumba ndi chala pakati pa ndowa, ndinaika mchombo, ndinakwilila, monga ndinachitila ndi wa Tamara, monga amama anachitila ndi wanga. Pamwamba ndabzala nshawa ziwili. Kenaka anati mwini ndowa ainyamule atchule kwawo. Tamara mphamvu zikalibe kubwelela, choncho tinanyamula awili, iye mbali iyi ine mbali iyo. Anati, "Ndake, kwa Nyimba." Mau anatuluka aang'ono, koma amai onse aja anayankha, n'kuyamba kupemphelela mvula ya ku Ndake m'zilankhulo zawo, anthu oti Ndake sanamuonepo. Ngati kwagwa mvula Lachiwili, dziwani kumene inachokela.

Mwana ndamutcha Tisunge. Ali ndi chipumi chanu, pepani. Akuyamwa bwino. Amai Lucia akuti Khisimasi ikubwelayi boti ili lidzamangililidwa lachitatu kuchokela pa thanthwe, chifukwa ndowa yokhala ndi mchombo imaposa ya tsabola chabe. Ndawauza kuti ndidzabwela kudzaona ndi maso anga ngati akunena zoona. Mantha sanathe, musaganize kuti ndasanduka ng'ona. Usiku ndimagona dzanja limodzi litagwila mzati.

Ndikhala kuno mpaka Tamara alimbe, kenaka tidzabwela tonse Tisunge adzaone kwawo. Kelly apitilize kupalila, ndipo feteleza ali pansi pa bedi. Chinthu chimodzi muwauze anthu a ku Ndake, chifukwa ndikuwadziwa. Kuseli kwa nyumba yanga, pansi pa msuku, apeza dzenje. Asayambe zoti kwadutsa mfiti, ndakumba ndine. Ndipo wina asalikwilile. Tisunge akadzayamba kuyenda ndidzamuimika m'mphepete mwake, aone pamene panachokela kwawo.

Mlongo wanu,
Agness